Chikomekome cha Mkuyu: Mau a pa Madzi Akumwa

Mau olalikidwa pa Ulongwe, mvula yoyamba itagwa

Musanatuluke m'nyumba zanu m'mawa uno, yense wa inu anagwira chikho, natunga mumtsuko, namwa. Amai ena anadzuka tambala asanalire kachiwiri, naima pa mzere wa ku mjigo, nasenza ndowa pa nkhata kufikira khosi kuwawa. Koma ndifunsa: ndani mwa ife anaima pang'ono, nawafunsa madziwo kuti, Mwachokera kuti, mwadzera kuti, ndipo mwasenza chiani? Palibe ndi mmodzi yense. Tinawayang'ana, tinaona kuti ali mbee, tinati ngabwino, ndipo tinamwetsa ana athu.

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti, Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu ikapsa ifiira bwino, nikopa mwana wopita pa njira. Koma akaiswa apeza nyerere ziri piringupiringu. Mau anga a lero ndi amodzi okha, ndipo ndifuna kuti muwasenze kunka nao kwanu: diso silidziwa madzi. Madzi a matope tiwaopa tonse, pakuti adziulula okha. Koma madzi oyera, ozizira, okoma pakamwa, ndiwo atinyenga. Alipo adani awiri obisala m'madzi oyera a dziko lathu lino. Woyamba afulumira ngati mphenzi: agwira munthu m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe achinyamata ayamba kutola nkhuni za pa maliro. Wachiwiri azengereza ngati chiswe: adya pang'ono pang'ono zaka zambiri, mwini nyumba osadziwa. Ndinena za iwo mmodzi mmodzi, ndipo pambuyo pache ndinena chimene tiyenera kuchita.

Mdani woyamba mumdziwa dzina lache, pakuti analowa m'midzi yathu ife tiri maso: ndiye kolera. Nthenda iyi inafika m'Malawi koyamba m'chaka cha 1973, ndipo kuyambira pamenepo yakhala iri kubwerabwera, makamaka m'dzinja, ndi pakati pa asodzi a pa nyanja ya Chilwa, amene agona m'zimbowera pamwamba pa madzi, namwa madzi omwewo amene adzithandiziramo. Koma mliri woposa yonse unayambira pakhomo pathu pomwe. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa dzina lakuti Ana anagwetsa mvula yosaneneka m'chigawo chino cha kumwera. Mitsinje inasefukira, zimbudzi zinagumuka, ndipo zimene tinakwirira pansi zinayandama, nizilowa m'zitsime. Kumapeto kwa Febuluwale munthu wina wa m'boma lathu lino la Balaka anafika pa chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde alikutsegula m'mimba. Madotolo anayesa, napeza kolera, ndipo pa 3 Marichi 2022 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mliri wagwa. M'mwezi womwewo namondwe wina, Gombe, anaonjeza madzi pa madzi.

Mliriwo sunaleke pamodzi ndi mvula, monga unkachitira kale. Unapyola chirimwe chonse, nutsata m'mbali mwa nyanja, nulowa m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, kufikira unakwanira maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko liri pa ngozi. M'Januwale 2023 sukulu za m'mizinda iwiri ija zinachedwa kutsegulidwa. Ndipo m'Febuluwale anakhazikitsa nchito ija munaimva pa wailesi, ya Tithetse Kolera. Pofika pakati pa chaka cha 2023 odwala anali oposa 58,000, ndi akufa oposa 1,700. Musamve ziwerengero izi ngati masamu a ku sukulu, abale. Yense wa akufawo anali ndi mphasa yache yogonapo, ndi khasu lache, ndi wina womlira. Ndipo ambiri a iwo anamwa madzi amene anaoneka abwino monga amene mwamwa inu lero.

Nanga nthendayi iyenda bwanji? Iyenda ndi kachirombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene katuluka m'chimbudzi cha munthu wodwala, ngakhale cha munthu amene akasenza iye mwini osadwala konse. Kakalowa m'madzi kapena m'chakudya, kafika m'matumbo a wina, ndipo pomwepo thupi liyamba kutaya madzi ache, otuwa ngati madzi otsukira mpunga, kufikira maso alowa m'kati, khungu likwinyika, ndi mwazi ulephera kuyenda. Munthu wamphamvu atha kufa tsiku lisanathe. Kunena mosabisa, ngakhale mau awa achititsa manyazi pa msonkhano wa akulu: kolera ndiyo umboni wakuti chimbudzi cha munthu mmodzi chafika pakamwa pa munthu wina.

Ichi sichinadziwike kale, ngakhale kwa anzeru a ku Ulaya. M'chaka cha 1854 kolera inapha anthu mazana ambiri m'masiku owerengeka m'dera lina la mzinda wa London, ndipo ambiri anati ndi mpweya woipa. Koma dotolo wina, John Snow, anayenda khomo ndi khomo, nalemba nyumba zonse zimene munatuluka maliro, napeza kuti zazungulira mjigo umodzi wa pa mseu wa Broad Street. Madzi a mjigo umenewo anthu ankawakonda ndithu, kotero kuti mai wina wamasiye wokhala kutali ankatumiza munthu kukamtungira, ndipo iyenso anafa nayo nthendayo. Snow anapempha akulu a deralo, nachotsa iwo chogwirira cha mjigowo. Ndipo pambuyo pache kunapezeka kuti dzenje la zonyansa linali pafupi ndithu ndi chitsimecho, lirikudontha pansi pa nthaka. Taonani, madzi okoma, oyamikidwa ndi onse, ndiwo anali ndi nyerere m'kati.

Tsono wina adzati, Izi nza ife a ku midzi. Tikadakhala ndi mipopi monga a m'tauni, tikadagona tulo. Indetu madzi a m'mipopi ndi chinthu chabwino, ndipo tiyenera kuwakhumba. Lamulo la chaka cha 1995 linaika nchito ya madzi a m'mizinda ndi m'matauni m'manja mwa mabungwe asanu, ndipo la chigawo chathu, Southern Region Water Board, ndilo lipereka madzi ku Liwonde, ku Balaka, ku Mangochi ndi ku Zomba. Machitidwe a nchito yotere ndi awa: atenga madzi mumtsinje kapena m'damu, nathiramo mankhwala akusonkhanitsa matope kuti akhale pansi, nawasefa pa mchenga, nathira klorini wakupha tizirombo, nawakweza m'thanki ya pamalo okwera kuti atsike okha m'mapaipi. Ndipo klorini pang'ono amsiya dala m'madzimo, monga mamiligalamu 0.2 kufikira 0.5 pa lita, kuti aperekeze madziwo pa ulendo wao. Chifukwa chache inu amene mudandaula kuti madzi a pa mpopi anunkha mankhwala, dziwani kuti fungo limenelo ndilo mlonda wanu.

Koma mpopi suli chithumwa ai. Paipi yodzala ndi madzi ikang'aluka, madzi atuluka kunja, ndipo zonyansa sizitha kulowa. Koma madzi akaleka, kaya magetsi azima kaya thanki yauma, paipi yomweyo iyamba kukoka zimene ziri kunja kwache, monga munthu akoka madzi ndi bango. Ngati mng'aluwo uli m'ngalande kapena pafupi ndi chimbudzi, mudziwa nokha chimene chilowa. M'mwezi wa Julayi 2017, ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, zonyansa zotuluka m'paipi ya zimbudzi zinalowa m'paipi ya madzi akumwa. Anthu a nyumba za malata ndi magetsi anatsegula mipopi yao monga mwa masiku onse, ndipo nkhaniyo inatha ndi kufika ku bwalo la milandu. Ngati ichi chinachitika m'likulu la dziko, tisanene kuti pa ife sichingagwe. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndiponso mpopi uli ndi mai wache, ndiye phiri ndi nkhalango. Abale athu a ku Balaka ndi a midzi yambiri yozungulira anamwa zaka zambiri madzi a damu la Mpira, la m'nkhalango ya Mvai ku Ntcheu, otsika okha m'mapaipi. Koma mitengo ya kumtunda inadulidwa, dothi linakokolokera m'damu, mvula inachepa, ndipo m'chaka cha 2018 damulo linaphwa. Mipopi inangolira mphepo. Amai anagona pa mizere ya mijigo, ndipo ena, potopa ndi kudikira, anabwerera ku zitsime zosatetezedwa zimene anazisiya kale. Munthu wootcha makala pa phiri sanamuone mwana womwa madzi oipa ku chigwa, ndipo mwanayo sanamdziwe wootcha makala. Koma paipi imodzi inawalumikiza. Madzi a anthu onse ali otero: cholakwa cha mmodzi achimwa ndi onse.

Ndifika tsopano pa mdani wachiwiri, uja wa chiswe, ndipo ndipempha kuti mumvetsere bwino, pakuti uyu ngwathu wa kuno. Mukatuluka pano, yang'anani mano a ana athu pamene aseka. Mudzaona ena ali ndi mawanga oyera ngati choko, ena ali ndi mizere yofiirira, ena mano ao ali bii ngati a munthu wotafuna fodya, chikhalirecho mwanayo sanalawe fodya chibadwire. Ambiri a inu mwakalipira ana otere kuti satsuka m'kamwa. Ena mwawapaka phulusa ndi mchenga kufikira nkhama kutuluka mwazi. Ndipo alipo anamwali amene aphimba pakamwa ndi dzanja poseka, chifukwa cha manyazi. Lekani kuwakalipira. Si litsiro limenelo, ndipo mswachi sungalichotse. Chiri m'kati mwa dzino, ndipo chinalowa ndi madzi pamene dzinolo linali kuumbika.

Dzina la chinthu ichi ndi fuloraidi. Ndi mtundu wa mchere wokhala m'miyala, ndipo madzi a pansi pa nthaka, pokhala nthawi yaitali pakati pa miyalayo, ausungunula pang'ono pang'ono, nautenga. Ife tikhala m'chigwa chachikulu chimene dziko linang'ambika kale lomwe, m'mene muli nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire. Ndipo m'chigwa ichi, pafupi ndi akasupe a madzi otentha monga a ku Liwonde, ndi pafupi ndi miyala ya mtundu wa mapiri a Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala, mchere uwu upezeka wochuruka. Ukakhala wochepa ulimbitsa mano, ndicho chifukwa chache auika m'mankhwala otsukira m'kamwa; koma ukachuruka uononga chomwecho chimene ukadalimbitsa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linaika muyeso wakuti usapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi. Muyeso wa dziko lathu wa chaka cha 2005 unalola kufikira 6 m'madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Koma oyesa madzi anapeza kale kuti madzi ena a pansi pa nthaka kuno ku Ulongwe anali ndi oposa 8, ndipo dzina la Ulongwe linalembedwa m'mabuku a ophunzira chifukwa cha ichi. Zaka za m'ma 2007 Samson Sajidu ndi anzache a ku Chancellor College ku Zomba anayesanso mijigo ya m'dera la Machinga, napeza ina yopitirira muyeso, ndi ana a sukulu a mano othimbirira m'midzi yomwa pamenepo.

Machitidwe a mchere uwu ndi otere. Uononga mano pamene alikuumbika m'kati mwa nkhama, kuyambira ukhanda kufikira mwana ali wa zaka ngati 8. Wamkulu amene wadzakhala kuno mano ache atakhwima sathimbirira ai. Koma ukakhala wochuruka ndithu, munthu naumwa zaka makumi, ulowanso m'mafupa, nuumitsa msana ndi mfundo, kotero kuti munthu awerama mobvutika asanakalambe. Tsono imvani ichi, pakuti pano ambiri asokera: kuwiritsa madzi sikuchotsa fuloraidi, nthunzi ituluka, mchere utsala, ndipo madzi otsalawo akhala nao woposa kale. Klorini nayenso saukhudza konse. Mankhwala a mdani woyamba sagwira mdani wachiwiri. Ndipo mijigo iwiri ya mudzi umodzi itha kusiyana, wina wabwino, wina wopitirira muyeso, madzi ache onse ali mbee chimodzimodzi. Wakuisiyanitsa ndi woyesa yekha ndi zipangizo zache.

Pano ndiyenera kukuchenjezani kolimba, kuti mau anga angasanduke msampha. Wina asatuluke muno ndi kunena, Atiuza kuti mjigo uononga mano; tiyeni tibwerere ku mtsinje ndi ku dambo. Iai, abale, iai ndithu! Nzoona kuti madzi a mumtsinje kawirikawiri ali ndi fuloraidi wochepa. Koma ndimo muyenda mdani woyamba, ndi tizirombo tina ta kamwazi ndi ta m'matumbo, osanena za ng'ona za mu Shire. Wothawa mjigo kunka ku mtsinje afanana ndi munthu wothawa utsi, nalowa m'moto. Mwana wa mano ofiira akula, nakwatira, nabala ana. Mwana wa kolera aikidwa mawa. Chifukwa chache imwani pa mjigo kufikira mutapeza madzi ena oyesedwa, oposa amenewo.

Nanga tichite chiani? Choyamba, tifunse. Safunsa anadya phula. Mjigo uli wonse uli ndi komiti yache, ndipo boma lathu liri ndi ofesi ya madzi ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi. Inu amfumu, ndi inu a komiti, pitani mukafunse mwaulemu koma mosatopa: Kodi madzi a mjigo wathu anayesedwa liti? Anayesedwa tizirombo tokha, kapena fuloraidi yemwe? Ndipo anapeza chiani? Akabwera ena kudzakumba mjigo watsopano, musabvine chabe tsiku lotsegulira. Pemphani kuti akusiyireni pepala la zimene anapeza m'madzimo, ndipo lisungidwe kwa mlembi wa komiti monga musunga buku la ndalama. Mukadziwa kuti mjigo uwu uli bwino ndi uwo wapitirira, patulani nchito zao: wopitirira ukhale wochapira, wosamba ndi woumbira njerwa, ndipo wabwino ukhale wa kumwa ndi kuphika, makamaka phala la ana ang'ono, ngakhale uli patali pang'ono.

Ziripo njira zinanso. Madzi a mvula alibe mchere umenewu. Inu a nyumba za malata, lekani mvula yoyamba itsuke denga, ndipo yotsatira muikinge m'chotengera choyera, mubvundikire, muthire klorini, musungire ana. Inu amai oyamwitsa, yamwitsani mwana bere lokha miyezi 6 yoyamba, pakuti mkaka wa m'mawere uteteza khanda kwa adani onse awiri. Ku Nakuru m'dziko la Kenya, kumene bvuto ili liri lalikulu kuposa kuno, anthu asefa madzi pa makala a mafupa a ng'ombe ootchedwa bwino, amene agwira fuloraidi. Ndipo ophunzira a ku Zomba aja anayesanso dothi la bauxite la ku phiri la Mulanje, napeza kuti nalonso liugwira. Koma chithandizo chachikulu cha dera lotere ndicho madzi a mumtsinje osefedwa ndi kuthiridwa klorini, ofika ndi mapaipi, pakuti amenewo apewa adani onse awiri. Ndipo pa ichi tisaleke kukumbutsa makhansala ndi aphungu athu pa misonkhano iri yonse.

Chachiwiri, tisunge chimene tiri nacho. Makolo athu sanayese madzi a onse ngati a mwini wina. M'chaka cha 1968 anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, anakumba ngalande ndi makasu ao, osalipidwa, naika mapaipi otsitsa madzi a m'phiri kufikira m'midzi yao. Ndipo nchito imeneyo inakhala chitsanzo cha zina zambiri m'dziko lino. Ngakhale mjigo uwu wa Afridev umene mupopa masiku onse, mbiri yache idzera kwathu konkuno, pakuti kholo lache, lochedwa Maldev, linayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaupanga dala kuti anthu a pa mudzi athe kuukonza okha. Nanga bwanji ife tilola simenti ya pa mjigo kung'aluka, madzi otayika nadikha pomwepo, mbuzi ndi nkhumba nizisambamo? Madzi amenewo abwerera pansi, nalowa m'chitsime. Mangani mpanda, konzani ngalande, perekani chopereka cha mwezi mosanyinyirika, ndipo a komiti awerenge ndalamazo poyera. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kutali ndi chitsime, mamita 30 kapena kuposa, ndi kumunsi kwache. Ndipo inu a mipopi, mukaona paipi irikudontha pa mseu, kaneneni tsiku lomwelo. Musabowole paipi usiku kuti mube madzi, pakuti bowo lotulutsira madzi anu ndilo lolowetsera imfa ya mnansi wanu. Madzi akabweranso atasowa, atayeni oyambawo kufikira ayera, ndipo otsatirawo muwathire mankhwala.

Chachitatu, tisamale ulendo wotsiriza, wochokera pa mjigo kufika pakamwa, pakuti pamenepo ndipo madzi ambiri abwino aipira. Ndikupatsani fanizo. Akazi awiri anatunga pa mjigo umodzi, nthawi imodzi. Woyamba anatsuka chigubu chache, natunga, natseka, nathira klorini monga anamuuza mlangizi, nadikira mphindi 30, ndipo pomwetsa ana anachita kutsanulira m'chikho. Wachiwiri anatunga m'ndowa yosabvundikira, naikamo masamba kuti madzi asatayike pa njira, nagwira m'mphepete ndi zala ziri m'madzi. Pofika anathira mumtsuko wa kukamwa kwakukulu, m'mene mwana wochokera ku thengo anabviika chikho pamodzi ndi dzanja lache. Pamene nthenda inalowa m'nyumba ya wachiwiriyo, iye anati, Mjigo waipa. Ena anati, Alodzedwa. Ndipo panali udani pakati pa abale. Koma mjigo unalibe mlandu, ndi mnansi analibe mlandu. Chotero bvundikirani mitsuko. Chikho chotungira chikhale china, chomwera china. Sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa pochoka ku chimbudzi, mutasintha mwana thewera, ndi musanagwire chakudya, ndipo madzi osamba akhale othirirana, osati a m'beseni limodzi la anthu khumi. Pakhale mpondagiya pakhomo pa chimbudzi chiri chonse. Klorini akasowa, wiritsani madzi kufikira abwatamuka.

Ndipo nthenda ikagwa, musataye nthawi ndi kufunafuna wolodza. Mpatseni wodwalayo madzi a Thanzi msanga, pang'ono pang'ono kosaleka, ngakhale alikusanza. Paketi ikasowa, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo mumwetse pa njira ponse ponka ku chipatala. Wofika msanga achira, pafupifupi onse. Wochedwa ndiye tiika. Ndidziwa kuti m'masiku a mliri uja mitima ya ambiri inawawa, pamene a zaumoyo analetsa kusambitsa mtembo ndi kuphika pa siwa. Chisoni chimenecho nchoona, ndipo sindichipeputsa. Koma thupi la wakufa ndi kolera likhala lodzala ndi tizirombo, ndipo manja osambitsa mtembo ndiwo aomola nsima ya olira. Kumlemekeza mbale wathu sikufuna kuti timtsate ku manda sabata yomweyo.

Abale anga, pa Ulongwe pano tiri a mitundu yambiri, Ayao, Angoni, Alomwe, Achewa. Ena tipemphera m'chalichi, ena mumzikiti. Koma m'mawa akazi athu onse aima pa mzere umodzi, ndipo chogwirira cha mjigo sichifunsa dzina la munthu. Ludzu lathu ndi limodzi, ndipo ngozi yathu ndi imodzi. Mutu umodzi susenza denga: a mfumu aitane msonkhano, a komiti atenge buku lao, aphunzitsi ayang'ane mano a ana a m'makalasi oyamba nauze alangizi chimene aona, amuna amange mpanda ndi kukumba zimbudzi zolimba mvula isanakule, ndipo amai asunge mitsuko. Mvula yayamba, mitsinje idzadzala posachedwa, ndipo zimene ziri pansi zidzayandamanso.

Mawa m'mawa, pamene mugwira chikho, kumbukirani nkhuyu ija. Musawaope madzi, pakuti popanda iwo palibe moyo. Koma musawakhulupirire chifukwa cha kuyera kwao kokha. Afunseni kumene achokera, dziwani ngati anayesedwa, atetezeni kufikira pakamwa pa mwana. Ndipo mwana wanu wa mano ofiira akaseka lero, musamuuze kuti atseke pakamwa. Sekani naye, ndipo mulonjeze mumtima mwanu kuti mng'ono wache adzamwa madzi oyesedwa. Pitani bwino, ndipo mtendere ukhale m'nyumba zanu.